Uthenga wa m'maloto ndi chikho cha ku Chikamana

Phunziro la magulu a amayi m'maparishi

Mawu owerenga: Danieli 1:8-16, Luka 17:11-19, 1 Yohane 4:1-6

Phunziro la mwezi uno ndi lotalikirapo, ndipo atsogoleri angathe kuligawa pawiri ngati msonkhano umodzi sukwanira. Yambani mwawerenga mokweza mawu atatu ali pamwambawa musanalowe m'nkhaniyi.

Funso lathu ndi ili: munthu akabwera nanena kuti wauzidwa zinthu zobisika, kaya ndi mzimu wa kholo lake, kaya ndi mngelo, kaya ndi Mulungu mwini kudzera m'maloto, ndipo uthengawo ukukhudza matenda a m'nyumba mwathu, tichite nawo bwanji? Ena amangoti zonsezo n'zachikunja, nkhani yathera pomwepo. Ena amachita mantha kuti akakayika ndiye kuti akukana Mzimu Woyera. Mayankho onse awiriwa ndi achangu kwambiri. Ife a kuno ku Machinga ndi Balaka sitisowa kukabwereka chitsanzo kutali, chifukwa nkhani yaikulu ya mtundu umenewu m'dziko muno idachitikira pakhomo pathu pomwe.

Zimene zidachitika mu 1995

M'chaka cha 1994, bambo wina wachikulire wa m'mudzi wa Chikamana m'boma la Machinga, a Billy Goodson Chisupe, adanena kuti mizimu idawafikira kutulo ndi kuwaonetsa mtengo umene makungwa ake angachize Edzi. Adayamba kunyika makungwawo m'madzi ndi kumwetsa anthu. Poyamba ankabwera ndi anthu a pafupi okha. Koma pofika February 1995 mbiri inali itawanda dziko lonse. Ofufuza amene adalemba za nkhaniyi, monga Matthew Schoffeleers ndi Peter Probst, akuti m'miyezi yochepa yotsatira anthu pafupifupi 300,000 adafika pamudzipo kudzamwa. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo dziko lonse la Malawi linali ndi anthu osapitirira 10 miliyoni.

Amayi achikulire m'magulu mwathu akukumbukira bwino. Balaka inali isanakhale boma palokha, popeza idapatulidwa ku Machinga mu 1998, ndiye khamu lonselo linali la m'boma lathu limodzi. A ku Lilongwe ndi kumpoto ankadzera pa Balaka ndi pa Liwonde, a ku Blantyre ankadzera ku Zomba. Kunali mabasi, malole, matola, ngakhale galimoto za makampani ndi za boma zitanyamula antchito. Ophunzira ndi osaphunzira, Akhristu ndi Asilamu, onse ankaima pamzere umodzi, aliyense kudikira chikho chake cha madzi ofiirira aja.

Anthu adawatcha madziwo mchape. Dzinali silinali lachilendo. Cha m'ma 1933 ndi 1934 kudabuka anthu ena ochokera ku Mulanje, otsatira munthu wotchedwa Kamwende, amene ankayenda m'midzi ndi magalasi ndi mankhwala ofiira, akuti ochapa ufiti, ndipo adafika mpaka ku Zambia ndi ku Tanzania za lero. Iwonso ankanena kuti mankhwala awo adachita kuululidwa. A Chisupe eni ake sankalikonda dzina la mchape chifukwa cha fungo la ufiti limeneli. Ankafuna kuti anthu aziti madzi a moyo.

Tisafulumire kuwaseka amene adapita. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi adadziwika mu 1985, ndipo pofika 1995 panalibe mudzi umene unali usanaike maliro ake. Kuchipatala kunalibe choletsa kachiromboko. Mankhwala ophatikiza amene lero timati ma ARV adayamba kudziwika m'maiko olemera mu 1996, pa mtengo woti mlimi wa ku Ulongwe kapena ku Nsanama sakadaulota n'komwe, ndipo kuno adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Mayi wa mu 1995 amene mwana wake ankaonda tsiku ndi tsiku ankangouzidwa kuti pitani naye kunyumba muzikamusamala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndani mwa ife akadakhala pansi atamva kuti pa Machinga pomwepa pali chikho cha moyo?

Palinso china chimene chidakoka anthu, ndipo ndi bwino tichinene poyera. A Chisupe sankalipiritsa. Sankafunsa munthu kuti matendawa wawatenga kuti. Ankalangiza omwa kuti asiye chiwerewere, koma sankasankha womupatsa. Nthawi imeneyo m'malo ambiri, ndi m'nyumba zopemphereramo momwe, dzina la Edzi linkatchulidwa monong'ona, ndipo wodwala ankamva msanga kuti anthu akumuwerengera machimo. Dziko linali litangotuluka kumene m'ulamuliro wa chipani chimodzi mu 1994, ndipo anthu anali atangoyamba kuyankhula momasuka. Pa Chikamana munthu ankaima pamzere wa anthu zikwizikwi, manyazi n'kuchepa, chifukwa onse adabwerera chinthu chimodzi.

Koma chikho chija sichidachize Edzi. A zaumoyo ndi a Chisupe sadamvane pa za kayezedwe ka mankhwalawo, ndipo palibe umboni umene udapezeka woti adachotsa kachirombo m'thupi la munthu. Khamu lidazilala chaka chomwecho. Maliro adapitirira kuchuluka zaka zonse zotsatira, ndipo adayamba kutsika pokhapokha ma ARV atafika m'zipatala. Sitikunena kuti mkuluyu anali wakuba. Munthu wofuna kulemera sagawa katundu wake ulere. Angathe kukhala kuti adalotadi ndipo adakhulupiriradi. Kungoti kachirombo sikaona kuona mtima kwa wopereka chikho.

Nanga bwanji ambiri adabwerako akunena kuti akupezako bwino? Apa a zachipatala ali ndi yankho lomveka. Ambiri mwa omwawo anali asanayezetsepo magazi, ndiye ena analibe kachirombo ndi kale. Amene anali nako, kachirombo ka HIV kamatha kukhala m'thupi zaka zisanu, zisanu ndi zitatu, ngakhale khumi munthu akulima ndi kusenza mtolo bwinobwino. Matenda amene kamaitana, monga kutsekula m'mimba, zilonda za m'kamwa ndi mashingozi, amabwera n'kupita okha, ndipo akapita sabata yomwe munthu wamwa chikho, ulemu umapita kwa chikhocho. Chinanso, chiyembekezo chili ndi mphamvu pathupi: munthu amene wauzidwa kuti sufa amayamba kudya, kugona tulo, kusamba ndi kutuluka panja. Zimenezi ndi zenizeni ndipo ndi zabwino. Koma kupezako bwino ndi kuchira ndi zinthu ziwiri.

Kodi Baibulo limakana maloto?

Ayi ndithu, ndipo amene amaphunzitsa choncho sadaliwerenge lonse. Yosefe mwana wa Yakobo adapulumutsa Aejipito ku njala chifukwa cha loto la Farao. Yosefe wina, mwamuna wa Mariya, adauzidwa kutulo kuti asamusiye mkazi wake, ndipo adauzidwanso kutulo kuti athawitse Mwana. Petro adaona masomphenya ku Yopa asanapite kwa Korneliyo. M'Chikhulupiriro chimene timanena pa Misa timavomereza kuti Mulungu adalenga zooneka ndi zosaoneka zomwe. Makolo athunso ankadziwa kuti dziko silithera pamene maso athera; mpaka lero ku Khulubvi ku Nsanje kuli kachisi wa Mbona, kumene anthu akhala akumvera mawu odzera mwa munthu wogwidwa ndi mzimu. Mkhristu wa kuno sangayambe ndi kunena kuti kulibe zobisika.

Koma Baibulo lomwelo silitiuza kuti timeze uthenga uliwonse. Yohane, m'mawu amene tawerenga, akutiuza kuti mizimu iziyesedwa. Paulo pa 1 Akorinto 14:29 akulamula kuti mneneri akamayankhula, enawo azisinkhasinkha zimene wanena, ndipo pa 1 Atesalonika 5:19-21 akuika zinthu ziwiri pamodzi: osanyoza uneneri, komanso osaulandira usanayesedwe. Pa Deuteronomo 18:21-22 muyeso wake ndi wapafupi, woti ngakhale mwana angaumve: zimene wanenazo zachitika kapena ayi? Werenganinso Yeremiya 28. Hananiya adalonjeza anthu osautsidwa kuti pasanathe zaka ziwiri goli la Babiloni lithyoka. Unali uthenga wokoma umene aliyense ankafuna kumva, ndipo Yeremiya yemwe adati akadakonda zitatero. Koma sizidachitike. Nthawi ya mavuto ndi imene uthenga wokoma umayenda msanga, ngati moto wa m'chilimwe pa tchire louma.

Tiime pang'ono pa Danieli, chifukwa nkhani yake timaidziwa kuyambira ku Sande sukulu koma mbali iyi sitiiona kawirikawiri. Danieli adatsimikiza mumtima kuti sadya chakudya cha mfumu. Mkulu wa adindo a mfumu adachita mantha kuti anyamatawo akaonda, mutu wake upita. Danieli sadamukalipire kuti alibe chikhulupiriro, ndipo sadamuopseze kuti akakayika aona zakuda. Iye mwini ndiye adapempha kuti ayesedwe. Adatchula nthawi, masiku khumi. Adatchula chakudya, ndiwo zamasamba ndi madzi. Adatchulanso anthu owayerekeza nawo, anyamata odya za mfumu. Ndipo adavomera kuti woweruza akhale kapitawo wachikunja amene ankawayang'anira, ndi maso ake. Amayi, kayezedwe ka mankhwala ka masiku ano kamayenda chimodzimodzi: gulu lina limwa, gulu lina silimwa, nthawi ipita, kenaka munthu wosakondera afananitsa. Munthu wa Mulungu sadaope muyeso umenewu.

Ambuye Yesu nawonso, atakumana ndi akhate khumi aja, adawatumiza kwa ansembe. Chifukwa chake chili pa Levitiko 13 ndi 14. Mu Israele wansembe ndiye ankayang'ana khungu la wodwala, kumupatula masiku asanu ndi awiri, kumuyang'ananso, ndipo iye yekha ndiye ankalengeza kuti munthu wachira. Tinganene kuti imeneyo inali ntchito ya woyeza. Yesu, amene mphamvu yake sinkakayikitsa, sadaletse ochiritsidwa ake kukapimidwa, adachita kuwalamula. Tsono wina lero akamapempherera mwana wathu n'kumuuza kuti kupitanso kuchipatala ndi kuyesa Mulungu, timufunse kuti iye ndi wamkulu kuposa ndani.

Makungwa amene adalola kuyesedwa

Pali amayi ena amene amadandaula kuti a sayansi amanyoza mitengo yathu chifukwa ndi ya anthu akuda. Kunyozako kudakhalapo, sitikana. Koma onani kumene mankhwala a malungo adachokera. Kwinini ndi wa m'makungwa a mtengo wa ku South America, ndipo akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, adapatula mphamvu yake m'makungwamo mu 1820. Mbiri ya mpingo wathu imamudziwa kwinini mwachisoni. Bishopu wathu woyamba, Charles Mackenzie, amene adafika ku Magomero mu 1861, bwato lake lidagubuduzika mu Shire ndipo mankhwala ake adatayika m'madzi. Malungo atamugwira kufupi ndi mathiriro a Ruo analibe kwinini, ndipo adamwalira pa 31 January 1862. Anali munthu wopemphera kuposa ambiri a ife. Amishonale amene adabwera pambuyo pake sadaone kutsutsana pakati pa guwa ndi botolo la mankhwala, n'chifukwa chake lero tili ndi St Luke's ku Malosa ndi St Martin's ku Malindi.

LA amene timamwetsa ana athu nayenso ndi wa kuchitsamba. Mayi wina wa ku China, Tu Youyou, pamodzi ndi anzake, adafufuza m'mabuku akale a asing'anga a kwawo, nasonkhanitsa njira zoposa 2,000 zimene makolo ankanena kuti zimachiza malungo. Zambiri zitayesedwa zidalephera. Mu 1971 adapeza kuti chitsamba cha Artemisia annua, akachisungunula mosatentha kwambiri, chimapha tizirombo ta malungo m'mbewa ndi mwa anyani. Adayamba wamwa iye mwini kuti aone ngati sichipweteka munthu, kenaka adachiyesa pa odwala. Adalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Nzeru inali ya makolo, koma idadutsa pa sefa.

Ndipo sefa imeneyi siikondera eni ake. Mu 1993 dziko la Malawi lidasiya kudalira kolorokwini chifukwa kuyeza kudaonetsa kuti wasiya kugwira ntchito, n'kutenga Fansidar. Mu 2007 Fansidar nayenso adatsitsidwa, n'kubwera LA. Ena amaona ngati madokotala ndi osakhazikika, lero ichi mawa icho. Ife tikuona kuti kumeneko ndiye kukhulupirika: mankhwala akaleka kuchiza, amanena. Ndi kangati tidamva wamasomphenya akuitanitsa anthu kuti awauze kuti madzi amene adawagulitsa chaka chatha sadagwire ntchito?

Ngakhale maloto ali ndi malo ake mu sayansi. Otto Loewi, dokotala wofufuza wa ku Graz m'dziko la Austria, adasimba kuti njira yoyezera momwe mitsempha imatumira uthenga ku mtima idamufikira kutulo. Adadzuka, nalemba pa kapepala, koma m'mawa adalephera kuwerenga zimene adalemba. Usiku wotsatira lidabweranso, ndipo adadzuka nthawi yomweyo kupita kukayesa pa mitima iwiri ya achule. Adatenga madzi amene munali mtima woyamba, umene adauchedwetsa kugunda, nawathira pa wachiwiri, nawonso udachedwa. Adafalitsa zimenezi mu 1921 kuti ena abwereze, adabwereza, ndipo adalandira Nobel mu 1936. Sadauze dziko kuti likhulupirire chifukwa walota. Loto lidamuonetsa poyambira, achule ndiwo adachitira umboni.

Mauthenga ochokera kwa akufa

Pali mtundu wina wa uthenga umene umavutitsa makamaka amayi amasiye: wina kubwera kudzanena kuti malemu amuna anu andiyankhula, akuti mwakuti, akufuna chakuti, ndipo amene adawapha ndi uje. Musaganize kuti zimenezi ndi za kumudzi kokha. Ku America mu 1848 atsikana awiri a banja la Fox adanena kuti mizimu ikuwayankha pogogoda, ndipo pa iwo padayambira chipembedzo chonse cha oyankhula ndi akufa. Mu 1888 mmodzi wa iwo, Margaret, adaonetsa pagulu kuti kugogodako ankakuchita ndi mfundo za zala za kumapazi, ngakhale chaka chotsatira adabweza mawu ake. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itapha anyamata mamiliyoni, amayi ambiri a ku Ulaya adathamangira kwa obwebweta kuti amveko mawu a ana awo.

Mabishopu a Anglican atasonkhana ku Lambeth mu 1920 adaikambirana nkhaniyi. Sadawanyoze olirawo. Adanena kuti mpingo ndi wokonzeka kulandira chilichonse chimene kufufuza koona kungaulule za mzimu wa munthu, koma adachenjeza za kuopsa kopereka nzeru ndi chifuniro chathu kwa mphamvu zosadziwika, ndi kosandutsa zimenezi chipembedzo. Adalimbikitsanso kuti mpingo uziphunzitsa mokwanira za chiyanjano cha oyera mtima, kuti wolira adziwe kuti wake ali m'manja mwa Khristu ndipo sasowa mkhalapakati wolipidwa. Nkhani ya Saulo ku Endori pa 1 Samueli 28 ikutionetsa munthu amene adapita kumeneko chifukwa cha mantha, nabwerako ndi mantha oposa. Ndipo uthenga uliwonse wotchula dzina la munthu kuti ndiye mfiti tiziuopa kwambiri, chifukwa m'dziko muno agogo osalakwa aphedwa ndi mawu otere.

Anglican amaphika pa mafuwa atatu: Malembo Oyera, chiphunzitso chimene mpingo walandira kwa amene adatsogola, ndi nzeru zimene Mulungu adatipatsa. Aliyense amene adaphikapo nsima amadziwa chimene chimachitika fuwa limodzi likachoka. Uthenga umene ukufuna kuti tichotse fuwa la nzeru kuti tiukhulupirire, ukufuna kutitayitsa mphika.

Kachirombo kobisala

Za ku Chikamana sizidathere mu 1995. Mu 2007 Yahya Jammeh, amene anali mtsogoleri wa Gambia, adalengeza kuti akuchiza Edzi ndi zitsamba, ndipo odwala ake ankasiyitsidwa ma ARV. Mu 2011 m'busa wopuma wa Lutheran ku Tanzania, Ambilikile Mwasapila, adati Mulungu wamuonetsa mtengo m'maloto, ndipo anthu miyandamiyanda adakhamukira kumudzi wa Samunge kukamwa chikho chake pa mashilingi 500. A zaumoyo kumeneko adadandaula kuti odwala ambiri adaleka mankhwala awo, ndipo ena adamwalira. Kusiyana kwa 1995 ndi zaka zimenezi n'kwakukulu. Amene adamwa mchape analibe china choti ataye. Wa lero ali ndi botolo la moyo m'chikwama, ndipo akhoza kulitaya.

Masiku ano uthenga sufunanso lole. Umalowa pa foni, pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo waphunzira kuvala jekete la sayansi. Mumva mawu monga mphamvu za m'chilengedwe, kutsuka magazi, kukweza chitetezo, madokotala akubisa. Ena amayenda ndi kamakina koti munthu agwire m'manja, n'kumuuza matenda khumi pa mphindi ziwiri, mankhwala ake ali m'chikwama chomwecho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawu a sayansi si sayansi. Sayansi ndi kulola kuti wina amene sakukonda ayese zimene ukunenazo.

Tsono mvetsetsani bwino gawo ili, chifukwa ndi pamene amayi ambiri okhulupirika akupunthwa. HIV ndi chinthu chobisika chenicheni. Palibe diso lidakaonapo popanda makina; kadapezeka mu 1983 ku Paris, ndipo mmodzi mwa okapeza anali mayi, Françoise Barré-Sinoussi. Munthu akamamwa ma ARV mokhulupirika, kachiromboko kamachepa m'magazi mpaka makina oyezera kuchuluka kwake sakaonanso. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwambiri: munthu wotere amakhala wathanzi, sapatsira mwamuna kapena mkazi wake, ndipo mwayi woti mwana abadwe wopanda kachirombo ndi waukulu zedi. Dziko lathu ndi limene lidayamba, mu 2011, kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka nako, ndipo maiko ena adatengera kuno. Ana amene adabadwa opanda kachirombo chifukwa cha zimenezi lero ali m'makwaya mwathu.

Koma kusaoneka si kutha. Kachiromboko kamabisala m'kati mwa asilikali ena a m'thupi amene ali chigonere, kumene mankhwala sakafikira, ngati mbewa yolowa kuuna pamene moto ukudutsa. Munthu akasiya kumwa, nthawi zambiri pamangopita masabata ochepa kuti kabwerere m'magazi. Ndipo kumwa modukizadukiza kumakapatsa mpata wozolowera mankhwalawo, kuti tsiku lobwerera kuchipatala asagwirenso ntchito ngati kale. Ndiye taganizirani mayi amene wakhala pa mankhwala zaka zisanu ndi chimodzi. Wapita kokapemphereredwa Loweruka, Lachiwiri walandira zotsatira kuchipatala zoti kachirombo sikakuoneka. Akaimirira pagulu kuchitira umboni kuti wachira, anthu aululutira, botolo aliponya m'chimbudzi. Zotsatirazo zinali zoona, koma zinali zipatso za botolo lomwe walitayalo. Dziwaninso kuti munthu amene wakhala nthawi yaitali pa ma ARV akadziyeza ndi kachipangizo kodziyezera yekha, nthawi zina kamatha kuonetsa ngati alibe, pamene ali nako. N'chifukwa chake a zaumoyo amaletsa amene ali pa mankhwala kudziyezanso mwa njira imeneyi. Anthu amene achiradi HIV padziko lonse ndi owerengeka pa zala, monga Timothy Ray Brown wa ku Berlin, ndipo zidachitika powasintha mafuta a m'mafupa chifukwa cha khansa, opaleshoni yoopsa imene sachitira munthu wa HIV yokha.

Kodi tikunena kuti Mulungu sangachize? Ayi. Tikunena kuti amene wachiritsidwa akadzionetse kwa woyeza, monga akhate aja, ndipo asasiye mankhwala woyezayo asananene. Mfumu Hezekiya adapemphera ndi misozi, Mulungu adamva, komabe Yesaya adalamula kuti amuike nkhuyu pachithupsa (2 Mafumu 20:1-7). Luka amene adatilembera nkhani ya akhate khumiyi anali dokotala (Akolose 4:14). Tiziwapempherera odwala athu, ansembe aziwadzoza mafuta, kenaka tiwakumbutse kuti nthawi ya mankhwala yakwana.

Ntchito ya gulu

Mayi amene wasiya mankhwala chifukwa cha uthenga sabwera kudzalengeza. Timamuzindikira ndi zina: wasiya kupempha woperekeza pa tsiku lake la kuchipatala, wayamba kuyenda ndi kabotolo ka madzi kapena mafuta, akusala kudya masiku ambiri, mwina wayambanso kutsokomola. Tisamuyankhule pagulu. Apite amayi awiri amene amamasuka nawo, ndipo asayambe ndi kunyoza womupemphererayo, chifukwa mwina munthu ameneyo ndi yekhayo amene adamumvera mpaka kumapeto. Amufunse kuti adauzidwa chiyani, ndipo amve zonse. Kenaka awerenge naye Luka 17, amuuze kuti tiyeni tipitire limodzi akakuyezeni. Kwa a ku Machinga chipatala cha boma chili pa Liwonde, ndipo mpingo wathu uli ndi zipatala zazing'ono ku Gawanani ndi ku Mposa. Kwa a ku Balaka pali chipatala cha boma ndi cha DREAM cha gulu la Sant'Egidio. Ngati akuopa kukalipiridwa chifukwa chojomba, mmodzi wa ife alowe naye. Ndipo za matenda ake zithere pakati pa atatuwo.

Chimodzi chimene tingatengere pa Chikamana ndi mzere uja wopanda mafunso. Ngati wodwala akudziwa kuti pa gulu lathu adzalandiridwa popanda kumuwerengera machimo, sadzakhala ndi njala yaikulu ya chikho cha kwina.

Kambiranani m'magulu ang'onoang'ono. Amayi amene analipo mu 1995 asimbire atsikana zimene adaona, osatchula maina a anthu. Ndi uthenga wanji wa machiritso umene wafika pa mafoni athu miyezi itatu yapitayi, ndipo ndani ankapindula tikaukhulupirira? Danieli akadaulandira, akadapempha muyeso wotani? Pomaliza, mlembi wa gulu alembe mafunso onse a zachipatala amene asowa yankho lero, ndipo atsogoleri apemphe namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzakhale nanu pa msonkhano wa mwezi wamawa.